Kodi kulipira anthu otchuka pa TikTok ndi Facebook kuti atitsatsire malonda kumabweza ndalama?

Mayi wa makeke, Area 25: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru. Mother's Day ikuyandikira, ndipo mukudziwa kuti kwa ife ophika makeke sabata ya 15 October ndiye timagwirako kandalama. Ndalankhula ndi mnyamata wina wanthabwala pa TikTok, omutsatira ndi ochuluka zedi, akuti vidiyo imodzi ndi K250,000. Kwa ine imeneyo ndi ndalama ya fulawa, shuga, mazira ndi majarini wa ma oda ambirimbiri. Amene munayesapo, zimabweza? Kapena ndingopitiriza ndi ma status anga a pa WhatsApp?

Wa saluni, Ndirande: Asisi, ndikuuzeni zomwe ndinaona ine. Ndinalipira mtsikana wina wotchuka kuti abwere ndimuluke, ajambule, aponye pa peji yake. Vidiyo inayenda ndithu, anthu anaionera. Koma mukalowa m'ma comment, onse ankakamba za iyeyo: diresi yake, chibwenzi chake, ena kufunsa kumene anagula nsapato. Dzina la saluni analitchula kumapeto kwenikweni, anthu atadutsa kale kupita ku vidiyo ina. Amene anabwera chifukwa cha vidiyo ija sanabweze ngakhale mtengo wa mesh yomwe ndinamuika. Samalani.

Bambo wa zipangizo zaulimi, Kasungu: Ine zimenezi sindizikhulupirira kwenikweni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumudzi. Makasitomala anga ambiri mafoni awo ndi amabatani. Ndikaika uthenga pa wailesi nyengo ya mbewu ndi feteleza, m'mawa mwake anthu amafika pa shopu akunena kuti tamva pa wailesi. Mwana wovina pa TikTok angandigulitsire mpope wopopera mankhwala?

Admin: Bambo, pa katundu wanu mukunena zoona. Koma amayiwa akugulitsa makeke mu Lilongwe, kwa anthu amene foni ili m'manja tsiku lonse. Pagulu pano tili ndi achemwali amene ntchito yawo ndi yomweyi, tiwamve kaye.

Wopanga mavidiyo, Zomba: Zikomo a Admin. Amayi, ndilankhula mosabisa ngakhale ndikudula nthambi yomwe ndakhalira. Musayambe ndi funso loti ali ndi omutsatira angati. Funsani kuti anthu akewo ali kuti, ndipo ndi ndani. TikTok, Facebook ndi Instagram zimamuonetsa mwini akaunti zinthu zimenezi: maiko kumene kuli omutsatira, amuna kapena akazi, zaka zawo, nthawi imene amakhala pa foni. Muuzeni akutumizireni chithunzi cha tsamba limenelo, kapena akutsegulireni foni pamaso panu. Wogwira ntchito moona sakana. Akayamba kuzungulirazungulira, yankho mwalipeza kale.

Anzathu anthabwala ambiri amaoneredwa ndi anyamata a sukulu, komanso abale athu a ku Joni ndi ku Chipata amene akufuna kuseka m'chinenero chawo akaweruka ku ntchito. Si anthu oipa, koma keke yanu siingakwere basi kupita ku Johannesburg. Inu mukufuna mayi wa ku Area 18, Area 47, Gulliver kapena Kanengo amene ali ndi phwando la mwana Loweruka.

China, muone mavidiyo ake a malonda a m'mbuyomu, osati anthabwala okha ayi. Kawirikawiri wanthabwala akaponya malonda, oonera amatsika kwambiri chifukwa anthu anabwera kudzaseka. Muwerengenso ma comment. Ngati muli mafunso monga "mtengo bwanji", "muli pati", "mumafika ku Area 36", ameneyo amagulitsa. Ngati muli tizithunzi ta moto ndi ta mitima tokhatokha, kapena maina achilendo amene sakulemba Chichewa n'komwe, mwina omutsatirawo anachita kugula. Zimagulidwa zimenezi, pamtengo wotsika.

Wowerengera ndalama, Blantyre: Ndionjezere masamu pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri timathawa. Amayi, pa keke imodzi mukachotsa zonse, zophikira, magetsi kapena gasi, bokosi, riboni, wa njinga yamoto wokaperekera, mumatsala ndi zingati? Tingoyerekeza kuti ndi K8,000. Kuti K250,000 ibwere mukufunika makeke 32 owonjezera pamwamba pa amene mukanagulitsa kale popanda vidiyoyo. Phindu limayamba pa keke ya nambala 32 yomweyo. Tsono funso lachiwiri: uvuni wanu ndi manja anu angakwanitse makeke 32 owonjezera sabata imodzi, magetsi akuzimazima chonchi?

Mayi wa makeke, Area 25: Iii achimwene, uvuni ndili nawo umodzi, wothandiza ndi mwana wa mchemwali wanga basi. Makeke 32 pamwamba pa a makasitomala anga akale sizingatheke.

Wowerengera ndalama, Blantyre: Ndiye mwaona kuti vidiyoyo ikalephera mwaluza, ikayenda bwino kwambiri mwaluzanso, chifukwa mudzalandira ma depoziti n'kulephera kupereka pa nthawi. Munthu amene keke ya amayi ake yafika pa 16 October sakhala chete, amakulembani pa Facebook ndi chithunzi chomwe. Sindikuti musatsatse. Ndikuti kukula kwa kutsatsa kufanane ndi kukula kwa khitchini.

Achimwene a ku Joni: Moni kumudzi. Ndisatsutse zonse za achemwali a ku Zomba, koma apo pa ife a kunja mwatichepetsa. Ifeyo ndiye timagula makeke a Mother's Day kwambiri. Ine mayi anga ali ku Kawale, sindingawakumbatire pa tsikulo, chomwe ndingathe ndi kutumiza ndalama pa Mukuru kapena Mama Money kuti wina awapititsire keke ndi chitenje. Vuto lathu ndi loti sitidziwa woti timukhulupirire. Tikamuona munthu amene timamuonera tsiku ndi tsiku akunena kuti mayi uyu ndamuyesa, amapereka pa nthawi, timalimba mtima. Ndiye ngati mnyamatayo ali ndi anthu ambiri kuno, vidiyoyo ilankhule kwa ife mwachindunji: uli kunja, amayi ako ali ku Lilongwe, lipira motere, tikawapatsa n'kukutumizira chithunzi.

Wopanga mavidiyo, Zomba: Apo ndavomera achimwene, mwandikonza bwino. Ndi mfundo yomweyo yoti udziwe kaye anthu akewo, kenako upange uthenga wowayenera.

Wa kaunjika, Lizulu: Ine wanga ndi mpamba wochepa, za ma K250,000 sindingazilote. Chimene chinandithandiza ndi anthu ang'onoang'ono. Pali aphunzitsi ena achitsikana kuno amakonda kutchena ndi kujambulitsa, omwe amawatsatira ndi anzawo a ku ntchito, a ku tchalitchi, a ku banki mkhonde. Ndikatsegula belo ndimawasungira madiresi awiri abwino, iwo amavala Lamulungu n'kuika pa status kuti ndagula kwa uje. Lolemba foni yanga siipuma. Anthu aja amawadziwa maso ndi maso, ndiye akanena kuti chinthu ndi chabwino palibe amakayika.

Wopanga mavidiyo, Zomba: Kwa amayi a makeke ndiye njira imeneyi ndi yomwe ndingalimbikitse. Mu Lilongwe muli ma MC a ma bridal shower ndi zinkhoswe, odzola anthu kumaso, ojambula zithunzi za maukwati, okongoletsa m'maholo. Omwe amawatsatira anthu amenewa ndi amene akukonzekera mwambo, ndalama ya keke anaiika kale pa bajeti. Ndalama yomwe mukanapatsa munthu mmodzi mukhoza kugawa theka lake kwa atatu oterewa, theka linalo mugule fulawa.

Koma ndipemphe chinthu kwa a bizinesi nonse pano, chifukwa chimandipweteka. Musamabwere ku inbox ndi mawu oti "tikupatsa keke yaulere" kapena "tikutchukitsa" ngati malipiro a ntchito ya masiku awiri. Kuvala diresi n'kuika pa status ndi china, kupanga vidiyo ndi china. Vidiyo ya mphindi imodzi imafuna kuganizira nkhani yake, transipoti, munthu wogwira kamera amene nayenso ndimamulipira, kudula ndi kulumikiza pa CapCut mpaka usiku, bandulo yoikira. Ndipo dziwani kuti TikTok siilipira ife a kuno pa ma views monga imachitira ndi anzathu a ku America kapena ku Britain. Ndondomeko yawo yolipira opanga mavidiyo ilibe Malawi. Anthu akationa tili ndi oonera ambiri amaganiza kuti tikusambira m'madola. Ndalama yathu imachokera kwa inu a malonda, kulibenso kwina.

Wa saluni, Ndirande: Nanga bwanji osangogwirizana kuti ndizikulipira pa kasitomala aliyense amene wabwera? Ukabweretsa anthu wadya, ukapanda kubweretsa palibe waluza.

Wopanga mavidiyo, Zomba: Waluza ndi ine asisi, chifukwa ntchito ndagwira kale. Komanso ndingadziwe bwanji kuti abwera angati? Buku lili kwa inu. Chinanso, ine ndikhoza kukutumizirani anthu makumi asanu, inu n'kumayankha mauthenga mawa lake, kapena kuwayankha mwamwano, kapena kuwauza mtengo wosiyana ndi womwe ndinanena. Kulephera kumeneko kukhale kwanga? Chimene ndimavomera ine ndi kuphatikiza: kandalama kotsimikizika kolipira ntchito yojambula, kenako kenakake pa oda iliyonse yodutsa mwa ine.

Wamakompyuta, Mzuzu: Kuwerenga amene abwera kudzera mwa ndani sikovuta monga mukuganizira. Pa WhatsApp mukhoza kupanga linki yoti munthu akaidina imatsegula macheza ndi nambala yanu uthenga utalembedwa kale, mwachitsanzo "Ndaona keke kwa uje, ndikufuna kuoda". Aliyense wokutsatsirani mumupatse linki yakeyake. Njira ina yophweka ndi mawu achinsinsi: wotchula mawu akuti pooda achotseredwa K1,000. Anthu saiwala mawu amene akuwapulumutsira ndalama. Madzulo mumangowerenga. Ndipo musanaponye vidiyo iliyonse, ikani WhatsApp Business, mudzaze catalog ndi zithunzi ndi mitengo, muike uthenga wolonjera wodziyankha wokha, nambala za Airtel Money ndi Mpamba zikhale pafupi. Munthu wochokera pa TikTok mtima wake ndi waufupi, mukachedwa ola limodzi wapeza wina.

Bambo wa zipangizo zaulimi, Kasungu: Nanga osangochita boost peji yako wekha pa Facebook, kutanthauza kuilipira Facebook kuti ionetse uthenga wako kwa anthu ambiri? Mwana wanga amati umasankha dera ndi zaka za anthu.

Wamakompyuta, Mzuzu: Zimatheka bambo, ndipo kusankha dera n'kothandizadi. Chovuta kuno ndi kalipiridwe, chifukwa Facebook imafuna khadi yolipira ndalama zakunja, ndipo mukudziwa mmene nkhani ya forex ilili. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wake unakweranso kwa ife. Wopanga mavidiyo wa kuno mumamulipira makwacha pa foni. Koma ziwirizi zimagwirizana bwino: vidiyo imene munthu wakupangirani ikaoneka kuti ikukoka anthu, ndiyo yoyenera kuiikira ndalama ya boost, bola munagwirizana kuti mukhoza kuigwiritsa ntchito motero.

Wowerengera ndalama, Blantyre: Mawu oti "bola munagwirizana" ndi amene ndimafuna tifikepo. Mikangano yambiri imene ndaiona siyochokera pa kuba, ndi yochokera pa kusalemba. Simukufunika loya. Uthenga umodzi wa pa WhatsApp umene nonse mwayankha kuti ndavomera ndi umboni wokwanira kukumbutsana. Mulembemo kuti mavidiyo ndi angati, aikidwa pa TikTok pokha kapena ndi pa Facebook ndi status pomwe, tsiku lanji, ndipo akhalapo nthawi yaitali bwanji, chifukwa ena amachotsa pakatha masiku atatu peji yawo isaoneke ngati msika. Mulembe kuti dzina la bizinesi, dera ndi nambala zioneke koyambirira, zimene zinawavuta asisi a ku Ndirande zija. Mulembe kuti simukufuna atsatse wophika makeke wina sabata yomweyo. Ndalama theka poyamba, theka vidiyo ikatuluka. Ngati mukufuna kuiika pa peji yanu kapena kuigwiritsanso ntchito pa Khirisimasi, nenani tsopano, chifukwa kulipira kuti munthu aponye pa peji yake sikutanthauza kuti vidiyoyo yasanduka yanu.

Kwa amene muli ndi makampani olembetsedwa, mufunseni TPIN (nambala yake ya msonkho) ndi invoisi, ndipo nkhani ya withholding tax ya MRA muikambe musanagwirizane mtengo. Anthu amadana pa tsiku lolipira wina akalandira ndalama yoperewera asanauzidwe kuti kudulidwa msonkho.

Woimba gitala, Chilomoni: Pepani ndilowerere pa mbali yathu. Nyimbo imene mukuika pansi pa vidiyo ya malonda ili ndi mwini wake. Kuvina nyimbo yanga pa TikTok posangalala ndi zina, koma kuigwiritsa ntchito pogulitsa katundu wanu popanda kundipempha ndi kundidyera thukuta. Lamulo la Copyright la 2016 lilipo, bungwe loteteza umwini wa zaluso la COSOMA liliponso. TikTok yomwe, akaunti ikakhala ya bizinesi, imakupatsani nyimbo zosankhidwa zokha zololedwa pa malonda. Oimba ambiri achinyamata mukawapempha bwinobwino amavomera pamtengo wochepa, ena amakupangirani kanyimbo kanukanu.

Mayi wa makeke, Area 25: Zimenezi sindimazidziwa, zikomo. Funso lina: mawu oti akanene ndimulembere ine? Ndimaopa kuti akapanga nthabwala zake keke yanga ioneka yachibwana.

Wopanga mavidiyo, Zomba: Mumupatse mfundo, osati mawu. Mitengo, masaizi, tsiku lomaliza kulandira ma oda, madera amene mumafika, nambala: izi zisasinthe ngakhale pang'ono. Mumuuzenso zimene simukufuna, monga kutukwana, zandale, kunyoza ophika anzanu. Zotsalazo musiyireni. Anthu anamutsatira chifukwa cha kalankhulidwe kake. Mukamupatsa pepala loti awerenge ngati wolengeza uthenga wa pa wailesi, oonera amazindikira msanga n'kudutsa. Chimene muli nacho ufulu ndi kuiona vidiyo isanatuluke ndi kupempha kuti akonze kamodzi kapena kawiri, osati kakhumi. Ndipo ngati nthabwala zake mukuona kuti sizikugwirizana ndi keke ya Mother's Day, vuto si mawu, munthuyo si woyenera katunduyo.

Ine ndimakonda kwambiri bizinesi imene imandiitana kudzaona mmene amagwirira ntchito. Manja a mayi akukongoletsa keke, uvuni ukutsegulidwa, bokosi likumangidwa riboni, wa njinga akugogoda pa geti: zimenezi anthu amaonera mpaka kumapeto kuposa ine nditangonyamula keke n'kumamwetulira.

Achimwene a ku Joni: Pali chinthu china chimene kuno amachitsata. Bungwe la Advertising Regulatory Board lili ndi malamulo oti munthu akalipidwa kapena kupatsidwa katundu kuti atsatse, aonetse poyera, alembe kuti ndi ad kapena sponsored. Ku Britain nakonso ndi chimodzimodzi. Instagram ndi Facebook zili ndi kachizindikiro ka paid partnership. Kumudzi ndimaona ambiri amanamizira ngati angozipeza okha mwangozi.

Wa kaunjika, Lizulu: Koma achimwene anthu akadziwa kuti walipidwa akhulupirira? Mphamvu yake si yomweyo yoti zioneke ngati wangokonda yekha?

Wopanga mavidiyo, Zomba: Anthu si ana asisi, amadziwa kale. Chimene amadana nacho ndi kupusitsidwa. Ine ndikanena kuti awa andilipira kuti ndikuuzeni, koma keke ndadya ndekha ndipo nayi mkati mwake, palibe amakwiya. Tsiku limene adzazindikire kuti ndinawanamiza, sadzakhulupiriranso chilichonse chimene ndinganene, ndipo pamenepo bizinesi iliyonse imene ndinaitsatsa yaluza nane limodzi. N'chifukwa chake nanenso ndimasankha. Ndimakana ogulitsa mafoni amene safuna kundionetsa shopu, ndimakana za "ika K50,000 upeze K200,000 pa sabata", ndimakana olonjeza ntchito zakunja opanda mapepala. Anthu akaberedwa sapita kwa wakubayo, amabwera kwa ine kuti mwatilozera kwa mbava.

Wogwira ntchito mu famase, Limbe: Pamenepo ndiikepo mawu, chifukwa zimandidetsa nkhawa zedi. Mankhwala sali ngati keke. Uthenga wotsatsa mankhwala, kuphatikizapo azitsamba, umayenera kuvomerezedwa kaye ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA usanatuluke. Koma taonani pa Facebook: munthu wotchuka wanyamula botolo akuti limachiza shuga, BP, kusabereka, zonse pamodzi. Timalandira anthu amene anasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha mavidiyo otere, akubwera zinthu zitaipa. Mafuta oyeretsa khungu nawonso, atsikana akupsa nkhope. Amene mumapanga mavidiyo, funsani pepala la PMRA musanavomere. Ngati ndi chakudya kapena chakumwa cha m'botolo, funsani za MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu. Ndipo a bizinesi dziwani kuti kunena zabodza pa katundu ndi mlandu ku CFTC, bungwe loona za chilungamo pa malonda, ngakhale bodzalo lituluke pakamwa pa munthu amene mwamulipira.

Admin: Mfundo imeneyi ndiipachika pamwamba pa gulu kuti isasowe.

Wa saluni, Ndirande: Chimodzi chomwe sitinakambe ndi kubwereza. Makasitomala anga okhazikika ambiri anandiuza kuti anaona ntchito yanga kangapo asanabwere. Panopa ndili ndi mtsikana wa pa koleji amene ndimamuluka mwezi uliwonse, iye amajambula sitayilo iliyonse yatsopano. Si wotchuka ngati uja, koma anzake akudziwa kuti mutu wake ndi wa saluni yanga. Akaona kachitatu amabwera okha, atanyamula chithunzi chake pa foni kuti ndikufuna ngati izi.

Wopanga mavidiyo, Zomba: Ndipo kwa ife mgwirizano wa miyezi itatu timatsitsa mtengo wa vidiyo iliyonse, chifukwa tikudziwa kuti lendi ya miyezi imeneyo ilipo. Mukamakambirana mtengo yambirani pamenepo m'malo mongonenerera.

Bambo wa zipangizo zaulimi, Kasungu: Ndawerenga zonse mwachifatse. Wailesi sindiisiya, koma mwandipatsa ganizo. Kuno kuli mnyamata wina amalima tomato ndi anyezi kudimba, amajambula mmene amafesera, mmene amathirira, n'kumaika pa Facebook ndi m'magulu a alimi a pa WhatsApp. Alimi achinyamata amamufunsa mafunso ambiri. Ameneyo ndingagwire naye bwanji?

Wopanga mavidiyo, Zomba: Ameneyo ndiye wanu bambo. Musamupemphe vidiyo imodzi, mupatseni mbewu ndi mpope agwiritse ntchito nyengo yonse, ajambule kuyambira pa nazale, powokera, popopera, mpaka pokolola, akunena poyera kuti zipangizo zachokera ku shopu yanu. Mumuonjezere ya bandulo mwezi uliwonse, ndipo mavidiyowo akhale aafupi ndi opepuka kuti azitumizika pa WhatsApp ngakhale netiweki ili yofooka. Mugwirizanenso kuti mbewu ina ikapanda kuchita bwino pa dothi lake ali ndi ufulu wonena, chifukwa alimi anzake munda umenewo amaudutsa ndipo adzaona okha.

Wogwira ntchito mu famase, Limbe: Ndipo akamajambula popopera avale zodzitetezera, magolovesi, chophimba pakamwa ndi mphuno, ndi majombo, atchulenso mlingo wolembedwa pa botolo ndi masiku oyenera kudikira asanathyole tomato. Anzake adzatengera zimene akuona iye akuchita.

Bambo wa zipangizo zaulimi, Kasungu: Zovalazo ndili nazo pa shopu, ndimupatsa pamodzi ndi mpope. Ndikamuona Loweruka pa msika.